Moyale: Dzina la pa Jezi Lochokera ku Nkhondo ya 1940

Anthu a ku Chinyonga salipira minibasi akafuna kukaonera mpira pa bwalo la Kamuzu. Amayenda wapansi, m'magulumagulu, ena atavala zofiira za Maule, ena zabuluu za Manoma, akukangana njira yonse za amene adye mnzake. Tsiku limene kwabwera alendo ochokera ku Mzuzu, mkangano umasintha pang'ono. Mumamva wina akuchenjeza anzake kuti, "Lero n'kovuta, abwera ndi asilikali, anyamata aja satopa." Amene akunenedwawo ndi Moyale Barracks, Mikango ya ku Kaning'ina, timu imene yatulutsa osewera ngati Gastin Simkonda amene anavalapo jezi ya Flames.

Koma mutawaimitsa masapota omwewo pachipata n'kuwafunsa kuti Moyale n'chiyani, ambiri angakuuzeni kuti ndi dera la mu Mzuzu, kapena phiri lina la ku Mzimba. Ayi ndithu. M'Malawi muno mulibe mudzi, mtsinje kapena phiri la makolo lotchedwa Moyale. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kumpoto kwa Nairobi. Dzinali linabwera kuno ndi asilikali a ku Nyasaland amene anamenya nkhondo kumeneko mu Julayi 1940. Kuti timvetse chimene chinawafikitsa kutali chotero, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zina 50.

Angerezi atalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo mu 1891, bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, analibe gulu lankhondo lakelake. Anaitanitsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India, kenako anayamba kulemba anthu akuno, poyamba Atonga a ku Nkhata Bay, pambuyo pake Ayao ndi mitundu ina. Ndi asilikali amenewa amene anagonjetsa mafumu okana ulamuliro wa atsamunda, monga Makanjira ndi Zarafi kummwera, ndi Mlozi ku Karonga mu 1895. Mu 1896 gululi linakhazikika ndi dzina loti British Central Africa Rifles, likulu lake ku Zomba. Pa 1 Januwale 1902 linaphatikizidwa ndi magulu a ku Kenya, Uganda ndi Somaliland, n'kupanga King's African Rifles, imene agogo athu ankangoti Keyala. Mabataliyoni awiri oyambirira, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno. Malamulo a pa perete ndi a kunkhondo m'mabataliyoni amenewa ankaperekedwa kwambiri m'Chinyanja, ndipo mzungu aliyense wobwera kudzalamulira ankayenera kuchiphunzira.

Atsamunda ataona kuti anyamata a ku Nyasaland ndi opirira, anayamba kuwatumiza kulikonse kumene mfumu ya ku England inali ndi mkangano. Anapita ku Mauritius mu 1899, ku Ashanti, kumene lero ndi Ghana, mu 1900, komanso ku Somaliland kukalimbana ndi Sayyid Mohammed Abdullah Hassan, mtsogoleri amene anasautsa Angerezi kwa zaka 20. Dzina lina limene timalimva m'mpira linabadwira komweko. Pa 6 Okutobala 1902, pamalo otchedwa Erego, mkulu wa asilikali Alexander Cobbe anatsala kutsogolo kwa mzere n'kuomba yekha mfuti ya chiwaya, kenako anakanyamula munthu wovulala zipolopolo zikugwa. Anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa ya Angerezi, ndipo kambi ya asilikali ya ku Zomba imatchedwa Cobbe Barracks mpaka lero. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, mu Epulo 1903, asilikali a 2 KAR oposa 100 anaphedwa tsiku limodzi pa Gumburu, zipolopolo zitawathera. Dzina la Cobbe lili pachipata ku Zomba. Mayina a amene anagona pa Gumburu palibe mwana wasukulu amene angatchule ngakhale limodzi, ndipo pa zaka zonse zimene Keyala inakhalapo, palibe msilikali wakuda wa gululi amene anapatsidwa Victoria Cross.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika m'dziko muno mwenimweni. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la kutsidya la Nyanja ya Malawi, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunali nkhondo ku Karonga. Imfa za ku Karonga n'zimene zinachititsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo imene phindu lake sadzalilawa. Mu Januwale 1915 iye anaukira boma, ndipo ena mwa amene anatumidwa kukathetsa kuukirako anali asilikali a Keyala omwewo. Pofika 1918, amuna a kuno pafupifupi 19,000 anali atagwira mfuti, ndipo ena pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondo ngati amtengatenga. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Magule a beni, malipenga ndi mganda, ndi yunifolomu zake, maudindo ake ndi kuguba kwake, anafala m'midzi m'nyengo imeneyi.

Anyamata amene anakaima pa Moyale anali ana ndi adzukulu a anthu amenewa. Ena analowa usilikali pothawa thangata m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Ena ankafuna ndalama ya msonkho. Ena anakopeka ndi kabudula wa khaki, ng'oma ndi malipenga a bandi ya ku Zomba. Nkhondo yachiwiri itayamba mu Sepitembala 1939, 1 KAR inali m'gulu la mabataliyoni amene anatumizidwa kukalondera kumpoto kwa Kenya.

Chimene ankalondera chinali choopsa. Italy, pansi pa Benito Mussolini, inali italanda Ethiopia mu 1935 ndi 1936, n'kuthamangitsa mfumu Haile Selassie. Italy inali kale ndi Eritrea komanso gawo lalikulu la Somalia, ndipo m'maiko atatuwa inali ndi asilikali oposa 250,000, ambiri mwa iwo anthu akuda olembedwa konko. Angerezi ku Kenya anali ndi mabataliyoni owerengeka chabe, oti atchinge malire aatali a m'chipululu. Pa 10 Juni 1940 Mussolini analowa nkhondo kumbali ya Adolf Hitler, ndipo malire aja anasanduka bwalo lankhondo.

Moyale ili m'mphepete mwa mapiri a Ethiopia, pamene dziko limayamba kutsetserekera ku chigwa chouma cha kumpoto kwa Kenya. Panali Moyale ziwiri zoyang'anizana, ya Angerezi ndi ya Mataliyana, monga mmene lero kulili Moyale ya Kenya ndi ya Ethiopia. Apa m'pamene pamakumana njira yopita ku Marsabit ndi yopita ku Wajir, choncho wogwira Moyale ndiye anali ndi khomo lolowera m'Kenya. Eni dera, Aborana ndi Agabra, amakhala moyo wotsata zitsime ndi ng'ombe ndi ngamila zawo. Kwa munthu wokulira m'mphepete mwa Likangala kapena Ruo, kumene madzi amayenda chaka chonse, dziko la minga ndi miyala limeneli linali lachilendo kotheratu. Chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkabwera pa malole kudutsa chipululu kwa masiku angapo.

Linga la Angerezi pa Moyale linkalonderedwa ndi kampani imodzi ya 1 KAR, kutanthauza anthu osapitirira 200. Pa 1 Julayi 1940 Mataliyana anaukira. Asilikali a ku Nyasaland, ali m'maenje awo kuseri kwa waya waminga, anawabweza. Akuluakulu anatumiza asilikali ena kuti akathandize, koma adani nawo anasonkhanitsa mphamvu. Pa 10 Julayi anabweranso, ulendo uno mabataliyoni pafupifupi anayi, atayamba ndi kukhuthulira mizinga pa lingalo. Munthu amene ali m'dzenje mizinga ikugwa alibe chochita koma kugwira mfuti yake, kuphimba mutu, ndi kudikira kuti phokoso likaleka adzuke n'kuyang'ana kumene adani akutulukira. Anyamata aja anachita zimenezi usana ndi usiku kwa masiku angapo, atazingidwa, madzi ndi zipolopolo zikuchepa. Akuluakulu ataona kuti lingalo silingapulumuke, analamula kuti atuluke. Anatuluka usiku, mwakachetechete, n'kudutsa osaimitsidwa ndi adani, mpaka kukakumana ndi anzawo kummwera.

Tinene zoona zake: Moyale inagwa. Mataliyana anaitenga, n'kulowa m'Kenya mpaka ku zitsime za Dabel ndi Buna, makilomita pafupifupi 100 kuchokera m'malire. Koma anathera pomwepo, chifukwa katundu wawo sakanatha kupitirira. Ulemu wa Moyale suchokera pa kupambana. Umachokera pa kuima kwa anthu ochepa pamaso pa khamu lowaposa kangapo, kwa milungu iwiri, pa nthawi imene France inali itangogwa ndipo Angerezi ankagonja kulikonse, komanso pa kutuluka m'msampha ali gulu limodzi, osamwazikana. Ichi n'chifukwa chake dzina loti Moyale linalembedwa pa mndandanda wa nkhondo zolemekezeka za Keyala. Tisaiwalenso kuti ambiri mwa amene ankaombera lingalo anali Aafirika anzathu a ku Eritrea, Somalia ndi Ethiopia, ovala yunifolomu ya mzungu wawo monga athu anavalira ya mzungu wathu. Zikamenyana njovu, wovutika ndi udzu.

Mwezi wotsatira, mu Ogasiti 1940, 2 KAR inakumana ndi zofananazo ku British Somaliland. Inamenya nawo nkhondo ya Tug Argan, ndipo dzikolo litagwa asilikali anachoka pa sitima kudzera pa doko la Berbera. Koma zinthu zinatembenuka msanga. Kumayambiriro kwa 1941 Alan Cunningham anatsogolera asilikali a ku East Africa, West Africa ndi South Africa kulowa m'Somalia ndi m'Ethiopia. Moyale inabwerera m'manja mwa Angerezi mu Febuluwale. Addis Ababa inagwa pa 6 Epulo, Haile Selassie analowanso mumzinda wake pa 5 Meyi, ndipo linga lomaliza la Mataliyana, Gondar, linagonja mu Novembala 1941. Ethiopia inakhala dziko loyamba kumasulidwa m'manja mwa Mussolini ndi Hitler, ndipo m'ntchito imeneyo muli thukuta ndi magazi a ana a ku Zomba, Mangochi, Mulanje ndi Ntcheu. Munthu akamayenda lero m'misewu ya Addis Ababa, likulu la African Union, adziwe kuti Amalawi anathandiza kutsegula mzindawo zaka 23 dziko lawo lomwe lisanalandire ufulu.

Ulendo sunathere pamenepo. Mu 1942 asilikali a kuno anakamenya ku Madagascar. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, akulimbana ndi Majapani m'matope a mvula yosakata, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Amuna a ku Nyasaland oposa 25,000 analowa usilikali pa nkhondo yachiwiriyi. Atabwerera anapeza msonkho uli pomwepo, thangata lili pomwepo, ndipo mu 1949 njala yaikulu inakantha dera la Blantyre ndi madera ozungulira. Ena anabwerera kumunda. Ena, amene anaphunzira kuyendetsa malole kapena kukonza makina kunkhondo, anadzafuna ntchito mu Blantyre ndi Limbe, n'kumanga nyumba m'midzi yozungulira tauni monga Ndirande. Ambiri anagwira ntchito ya ulonda, kulondera masitolo a ena usiku, mamendulo ali m'sutikesi kunyumba. M'zaka za m'ma 1950 mabataliyoni awiri aja anatumizidwanso ku Malaya, ndipo mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti cha State of Emergency, Keyala inagwiritsidwanso ntchito polimbana ndi anthu ake omwe amene ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mbiri ya gululi ili ndi zonyaditsa ndi zopweteka, ndipo tiyenera kuzinena zonse.

Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, mabataliyoni awiriwa anagawidwa. 2 KAR inapita ku Northern Rhodesia n'kukhala gawo la asilikali a Zambia. 1 KAR, ija ya pa Moyale, inatsala kwawo n'kukhala bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles pamene dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Mu 1972 Graciano Matewere, amene anakulira mu Keyala, anakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali onse. Gulu litakula, bataliyoni yachiwiri inakhazikitsidwa ku Lilongwe pa Kamuzu Barracks, yachitatu ku Mzuzu. Kambi ya ku Zomba inali kale ndi dzina la mzungu, ya ku Lilongwe inatenga dzina la mtsogoleri wa dziko. Ya ku Mzuzu inatenga dzina la malo amene asilikali wamba anaonetsa chamuna. Mwa mayina atatuwa, la Moyale ndi lokhalo limene limakumbutsa msilikali wam'dzenje.

Dzinali linadzalowanso m'mbiri ya dziko mwa njira imene palibe akanailosera. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, koma gulu la Malawi Young Pioneers, limene linali ndi mfuti zake ndipo linkamvera chipani cha Malawi Congress, linali lisanalandidwe zida. Dr Hastings Kamuzu Banda anali atachitidwa opaleshoni ku Johannesburg mu Okutobala, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu motsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, Apayoniya anaombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale Barracks mu Mzuzu. Pa 3 Disembala asilikali anatuluka m'makambi n'kuyamba kuphwasula malikulu a Apayoniya ku Lilongwe ndi m'madera ena, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Chimene chinadabwitsa maiko ena n'chakuti asilikali atamaliza anabwerera m'makambi, osalanda boma. Pa 17 Meyi 1994 anthu anakavota opanda mantha a mfuti za chipani.

Zaka 25 pambuyo pa Operation Bwezani, dzina la Moyale linamvekanso pa maliro. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni, kummawa kwa Democratic Republic of Congo, ali pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete wa ku Moyale Barracks, amene anaomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniayo anakhala ndi moyo. Mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wake wapamwamba koposa kwa wosungitsa mtendere. Zimene Cobbe anachita pa Erego, kunyamula mnzake pakati pa zipolopolo, n'zimenenso Chitete anachita ku Congo, ndipo iye anapereka moyo wake. Ulendo uno dzina la msilikali wamba linalembedwa, ndipo dziko lonse lapansi linalimva.

Nanga mpira ukulowa bwanji m'nkhani yonseyi? Kuyambira nthawi ya Keyala, masewero anali mbali ya moyo wa m'kambi. Akuluakulu ankafuna asilikali olimba thupi ndi ogwirizana, choncho makampani ankapikisana pa mpira, nkhonya ndi kuthamanga. Matimu a asilikali amene tikuwaona lero anamera m'mwambo umenewo: Red Lions ya ku Zomba, MAFCO ya ku Salima, Cobbe Barracks, Moyale Barracks, ndi Kamuzu Barracks imene inatenga ligi yaikulu mu 2016, kukhala timu yoyamba ya asilikali kuchita zimenezi. Osewera ambiri m'matimuwa ndi asilikali enieni, olembedwa ntchito ya boma, amene mluzu womaliza ukalira amabwerera ku malamulo a m'kambi. Wosewera wa Moyale amene akuthamanga pa kapeti wa bwalo la Kamuzu ali m'gulu lomwelo limene linayambira ku Zomba mu 1896, limene linaima m'malire a Ethiopia mu 1940.

Bwalo lomwelo lili ndi dzina lina la nkhondo. Mbali ina imene kumakhala masapota wamba anthu anaitcha Biafra, potengera nkhondo ya pachiweniweni ya ku Nigeria ya 1967 mpaka 1970, imene inali m'kamwa mwa aliyense womvera wailesi masiku amenewo. Zikuonetsa kuti okonda mpira samatola mayina mwachisawawa, amatenga zimene zawakhudza. Pitani Loweruka masana pa mabwalo afumbi a ku Chinyonga, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri, kumene kumaseweredwa mpira wachikulunga. Zigoli ndi mitengo ya bulugamu, mzere wa bwalo ndi phulusa kapena laimu, ndalama yopikisanirana yasonkhedwa m'chipewa n'kusungitsidwa kwa mkulu wina wodalirika. Funsani mayina a matimu, mumva a ku London, a ku Manchester, a ku Madrid ndi Barcelona. Anyamata amenewa angakutchulireni osewera onse a Arsenal ndi maiko awo. Palibe cholakwa pamenepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa iwo ndi zidzukulutudzi za amuna amene anafika ku Addis Ababa, ku Madagascar ndi ku Burma, koma sakudziwa, chifukwa palibe anawauza.

Amene anamenya nkhondo ya 1940 pafupifupi onse anatisiya. Ku Zomba kuli chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, ku Lilongwe kuli china ku Area 18, ndipo chaka chilichonse mu Novembala atsogoleri amakaika nkhata zamaluwa. Mwambo wa tsiku limodzi sungasunge mbiri yonseyi. Yotsalayo ili m'nyumba zathu: chithunzi chakale cha bambo wovala kabudula wa khaki, mendulo yadzimbiri, kabuku kotulukira usilikali, ndi agogo aakazi amene akukumbukirabe nkhani zimene bambo awo ankasimba pamoto. Zimenezi zikutayika maliro alionse, akamasesa m'nyumba n'kutentha mapepala akale.

Pempho langa likupita kwa inu a m'makomiti a matimu a m'madera, aphunzitsi a mbiri m'sukulu za mu Blantyre, ndi inu makolo. Funsani kwanu ngati kunali wina amene anapita ku Keyala. Lembani dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi kumene anakamenya. Jambulani mendulo ndi zithunzi zija pa foni zisanawonongeke, ndipo a ku Museum ya ku Chichiri, imene anthu a ku Chinyonga amafikako wapansi, adziwitsidwe za zimene mwapeza. Mukamayambitsa timu kapena chikho cha m'dera, ganizirani dzina la msilikali wa kwanu, kapena la Chancy Chitete. Ndipo Moyale ikadzabweranso pa bwalo la Kamuzu, chemererani timu yanu ndi mtima wonse, koma muuzeni mwana amene mwapita naye kuti dzina lili pa jezi ya alendowo ndi la malo amene Amalawi osakwana 200 anaima milungu iwiri mu Julayi 1940.